Chifukwa chake thambo la kumidzi limadzaza nyenyezi, ndi mmene mdima umayezedwera

Masiku ano m'manyuzi ndi pa intaneti mukumveka zoti malo akutiakuti awateteza chifukwa cha mdima wake, ndipo alendo akumachoka m'mizinda kupita kumidzi yakutali n'cholinga chokangoyang'ana kumwamba. Amene anakulira kumalo opanda magetsi amadabwa nazo. Mdima ungatetezedwe bwanji, ndipo kodi nyenyezi si zomwezi kulikonse? Nyenyezi n'zomwezi ndithu, koma zimene diso lingathe kuona zimasiyana kwambiri. Pakati pa mzinda waukulu munthu amawerenga nyenyezi makumi ochepa chabe, pamene kumalo a mdima wa ndiweyani amaona zoposa 2,000 nthawi imodzi. Kusiyanaku kumachokera pa zinthu zinayi: malo, mwezi, mpweya, ndi diso la woyang'anayo. Chimodzi chikalakwika, zitatu zinazo siziphula kanthu, n'chifukwa chake ena amayenda ulendo wautali n'kubwerako atakhumudwa.

Kuwala kwa nyenyezi ndi manambala obwerera chambuyo

Akatswiri akale a ku Greece anagawa nyenyezi m'magulu 6. Zowala kwambiri anaziika m'gulu loyamba, zooneka movutikira m'gulu la 6. Ptolemy wa ku Alexandria analemba mndandanda wotere cha m'ma 150, ndipo muyezowu, umene umatchedwa magnitude, ukugwirabe ntchito. Mu 1856 Norman Pogson wa ku England anauika m'masamu: nyenyezi ziwiri zikasiyana ndi magnitude 5, imodzi imawala kuposa inzake maulendo 100. Ndiye kuti sitepe iliyonse ndi maulendo pafupifupi 2.5.

Chimene chimasokoneza oyamba kumene n'chakuti nambala ikamachepa, kuwala kumakula, mpaka zowala koposa zimatsika kupitirira ziro. Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, ili pa -1.46. Canopus ili pa -0.7. Nthanda, imene ndi pulaneti ya Venus, imapitirira -4, ndipo mwezi wathunthu uli pa -12.7. Diso labwino pamalo amdima limafika pa 6 kapena 6.5, ndipo thambo lonse lili ndi nyenyezi pafupifupi 9,000 zofika pamenepo. Theka lake limakhala kuseri kwa dziko, zina zimazimirira mumpweya wa m'munsi mwa thambo. Nyenyezi zosawala kwambiri ndi zochuluka zedi kuposa zowala, moti sitepe imodzi ikatayika, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nyenyezi zimene mukanaona amasowa.

Kuwala kotayikira kumwamba

Getsi la mumsewu kapena pakhomo siliwalitsa pansi pokha. Kuwala kwina kumapita m'mwamba, kwina kumanjanja pansi n'kukwera. Kukafika mumpweya kumagunda timadontho ta madzi, fumbi ndi mpweya weniweniwo, n'kumwazikira mbali zonse, ndipo kwina kumabwerera m'maso mwathu. Thambo limayera mbuu. Nyenyezi sizinazime, koma kumbuyo kwake kwawala. Zili ngati kumvetsera munthu wonong'ona pamalo aphokoso: mawu ake sanachepe, phokoso ndi limene lawameza.

Kuwala kobiriwira ngati thambo la masana kumamwazika mumpweya mosavuta kuposa kofiirira. Ichi n'chifukwa chake mababu a LED oyera kwambiri amayeretsa thambo kuposa achikasu, mphamvu yawo ikakhala yofanana.

Mtunda ndi umene umathandiza. Merle Walker, katswiri wa ku California, anayeza kuwala kwa mizinda m'zaka za m'ma 1970 n'kupeza kuti kumachepa msanga mukamatalikira: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwalako kumatsala kosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu. Choncho kuchoka pa makilomita 20 kufika pa 40 kumasintha zambiri. Komabe mzinda waukulu umaoneka ngati chiphiri chowala m'munsi mwa thambo ngakhale pa mtunda woposa makilomita 100. Posankha malo, onetsetsani kuti mzinda uli kumbuyo kwanu, osati kumene mukufuna kuyang'ana, ndipo phiri kapena nkhalango ikhale pakati.

Mu February 2001 John Bortle, wokonda za nyenyezi wa ku America, anafalitsa muyezo wa magawo 9 m'magazini ya Sky & Telescope. Gawo 9 ndi pakati pa mzinda, pamene pamaoneka mwezi, mapulaneti ndi nyenyezi zowerengeka. Gawo 5 ndi m'mphepete mwa mzinda, pamene Mlalang'amba umaoneka mwachizimezime. Gawo 3 ndi kumudzi. Pa gawo 1 mbali yowala ya Mlalang'amba imatha kuchititsa chithunzithunzi pansi. Pali njira yosavuta yodziwira pamene muli: yang'anani mitambo. Kumene kuli magetsi, mitambo usiku imaoneka yoyera kapena yofiirira chifukwa ikuwalitsidwa kuchokera pansi. Kumalo amdima weniweni imaoneka yakuda bii, ngati zibowo pakati pa nyenyezi.

Muyezo wa Bortle umadalira maso a munthu, ndipo anthu awiri pamalo amodzi akhoza kusiyana ndi gawo lathunthu. Ofuna nambala yeniyeni amagwiritsa ntchito kachida kotchedwa Sky Quality Meter, kamene amakalozetsa pamwamba penipeni. Kakaonetsa 22, thambo lada mpaka pomaliza. Kakaonetsa 21.5, malowo ndi abwino kwambiri. M'mizinda kamatsika kufika pa 18 kapena kucheperapo.

Vutoli ndi lalikulu motani? Mapu a dziko lonse amene Fabio Falchi ndi anzake anatulutsa mu 2016 anaonetsa kuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse amakhala pansi pa thambo loyeretsedwa ndi magetsi, ndipo munthu mmodzi mwa atatu sangaone Mlalang'amba ali kwawo.

Diso limafuna nthawi

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa kukonza kwake sikulira chida chilichonse.

Kumbuyo kwa diso kuli maselo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba umaona mitundu ya zinthu ndipo umagwira ntchito powala. Wachiwiri umagwira ntchito mumdima, koma suona mitundu. Mukalowa mumdima, mwanadiso amakula m'masekondi ochepa, mpaka mamilimita 7 kwa achinyamata, ndipo kwa achikulire nthawi zambiri amalekera pa 5. Koma kusintha kwakukulu kumachitika pang'onopang'ono m'maselo a mumdima aja. Iwo amadalira mankhwala otchedwa rhodopsin, amene thupi limapanga mothandizidwa ndi vitamini A. Kuwala kumawaphwanya, mdima umawabwezeretsa, ndipo kubwezeretsako kumatenga mphindi 20 mpaka 30, n'kumapitirirabe pang'ono pambuyo pake. Kungoyang'ana foni yowala kapena nyali za galimoto kwa kamphindi kumabweza ntchito yonseyo m'mbuyo.

Pofuna kupewa zimenezi, gwiritsani ntchito tochi yofiira, chifukwa maselo a mumdima sakhudzidwa kwambiri ndi kuwala kofiira. Tochi wamba ingakutidwe ndi pulasitiki wofiira kawiri kapena katatu. Kufiira kokha sikukwanira: ikhalenso yofooka, yongokwanira kuwerengera mapu. Foni ichepetsedwe kuwala mpaka pansi, ndipo mapulogalamu a mapu a nyenyezi monga Stellarium ali ndi batani losandutsa zonse kukhala zofiira. Galimoto ikamadutsa, tsekani diso limodzi kapena tembenukani.

Palinso luso lina limene limadabwitsa oyamba kumene. Pakatikati pa diso, pamene timaonera zinthu bwinobwino masana, palibe maselo a mumdima. Ndiye chinthu chosawala mukachiyang'ana mwachindunji chimasowa, koma mukayang'ana pambali pake pang'ono, madigiri 10 mpaka 15, chimatulukira. Chibakera cha dzanja lotambasula chimaphimba madigiri pafupifupi 10, kotero mtundawo ndi wosavuta kuuyerekeza.

Popeza maselowa saona mitundu, Mlalang'amba ndi mitambo ya mpweya ya m'mlengalenga zimaoneka zotuwa, osati zofiira ndi zobiriwira monga pa zithunzi. Kamera imasonkhanitsa kuwala kwa masekondi ambiri, diso silitero. Ndi bwino kudziwiratu zimenezi musananyamuke.

Mwezi ndi chisisira

Mwezi wathunthu umayeretsa thambo la kumudzi n'kulisandutsa ngati la mumzinda. Kuchokera pa mwezi wina kufika pa wina pamapita masiku 29 ndi theka. Wathunthu umatuluka dzuwa likamalowa, kenako tsiku lililonse umachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Pakatha sabata umatuluka cha pakati pa usiku, ndipo madzulo onse amakhala amdima. Nthawi yabwino ndi kuyambira pamenepo mpaka masiku awiri kapena atatu mwezi utakhala, ndiye kuti masiku pafupifupi 10 mwezi uliwonse.

Dzuwa likalowa sikuti kwada. Mdima weniweni umayamba dzuwa likatsika madigiri 18 kuseri kwa dziko. Kufupi ndi equator zimenezi zimatenga ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 15. Kutali ndi equator chisisira chimatalika, moti ku London, kuyambira kumapeto kwa May mpaka cha kumapeto kwa July, thambo silidereratu usiku wonse.

Mpweya woyera ndi mpweya wodekha

Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo sikawirikawiri zimabwera limodzi. Mpweya woyera ndi wopanda fumbi, utsi, nkhungu ndi timitambo tapamwamba. Umenewu ndi wofunika poona zinthu zosawala. Utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi la nyengo youma zikhoza kumeza nyenyezi zambiri ngakhale kulibe getsi ndi limodzi lomwe, pamene usiku wotsatira mvula, mitambo ikachoka, thambo limakhala loyera zedi. Mpweya wodekha ndi wosagwedezeka. Nyenyezi zikamathwanima kwambiri, dziwani kuti mpweya wotentha ndi wozizira ukusakanikirana m'mwamba, ndipo pa telesikopu mapulaneti azioneka ngati ali m'madzi.

Chinthu chikakhala madigiri 30 pamwamba pa malekezero a dziko, kuwala kwake kumadutsa mpweya wochuluka kawiri kuposa chikakhala pamutu. Chikatsika kwambiri zinthu zimaipa msanga, choncho dikirani chikwere. Malo okwera amapambana chigwa, chifukwa nkhungu ndi utsi zimasonkhana m'munsi usiku.

Zimene mdima umavumbula

Choyamba ndi Mlalang'amba. Mu 1610 Galileo analozetsako telesikopu yake n'kupeza kuti mkanda woyerawo ndi nyenyezi zosawerengeka. Lero tikudziwa kuti tili mkati mwake. Kuwala kumatenga zaka pafupifupi 100,000 kuti kuudutse, ndipo dzuwa lili pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka 26,000 kuchokera pakati pake. Pakatipo pali cha ku gulu la nyenyezi lotchedwa Sagittarius, kufupi ndi Scorpius, ndipo pamakwera bwino madzulo a June mpaka August. Kwa okhala kum'mwera kwa equator pamadutsa pamwamba kwambiri. Mizere yakuda imene imaung'amba si malo opanda nyenyezi, koma fumbi lotchinga kuwala kwa zimene zili kuseri. Chigamba chakuda chotchedwa Coalsack, pafupi ndi nyenyezi zooneka ngati mtanda za Southern Cross, ndi chitsanzo chooneka bwino madzulo a April mpaka June.

Madzulo a December ndi January timayang'ana kunja kwa Mlalang'amba, ndiye umaoneka wofooka. Koma nthawi imeneyo Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Sirius zimakhala pamwamba. Pa Nsangwe anthu ambiri amawerenga nyenyezi 6, ndipo maso akuthwa pamalo amdima amaona zoposa pamenepo. Kum'mwera kumaoneka timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo, Magellanic Clouds. Imeneyi ndi milalang'amba ina, pa mtunda wa zaka za kuwala 160,000 ndi 200,000. Kumpoto, madzulo a October ndi November, kuli mlalang'amba wina, Andromeda, umene kuwala kwake kunanyamuka zaka 2.5 miliyoni zapitazo.

Ngati mukufuna nyenyezi inayake, kumbukirani kuti nyenyezi zimatuluka mofulumira ndi mphindi 4 usiku uliwonse, ndiye kuti maola awiri pa mwezi.

Pali kuwala kuwiri kwachilengedwe kumene anthu amakusokoneza ndi magetsi a mzinda. Kwina kumaoneka ngati mzati wosongoka kumadzulo chisisira chikatha, kapena kum'mawa m'bandakucha usanayambe. Kumeneko ndi kuwala kwa dzuwa kogunda fumbi la pakati pa mapulaneti, ndipo kufupi ndi equator kumaoneka pafupifupi chaka chonse. Kwinako kumachokera mumpweya wa dziko lathu, makilomita 90 mpaka 100 m'mwamba, umene umatulutsa kuwala pang'ono usiku. Ndiye thambo labwino koposa silikhala lakuda ngati makala, ndipo maso akazolowera mumatha kuona dzanja lanu.

Nyenyezi zothothoka si nyenyezi ayi, ndi timiyala, tambiri mwa ito tochepa ngati mchenga, topsa polowa mumpweya. Zimachuluka pa masiku odziwika: cha pa 6 May kuchokera ku fumbi la nyenyezi ya mchira ya Halley, pa 12 ndi 13 August makamaka kwa okhala kumpoto kwa equator, ndiponso pa 13 ndi 14 December. Zimachuluka pakati pa usiku pakadutsa. Sizifuna chida chilichonse, koma kugona chagada n'kuyang'ana malo otakata.

Mwezi ndi mapulaneti owala sizifuna mdima. Jupiter ndi Saturn zimaoneka chimodzimodzi pakati pa mzinda. Usiku wa kumudzi ndi bwino kuusungira zinthu zosawala.

Zida ndi zimene zimalakwika

Chida choyamba chabwino ndi binoculars, osati telesikopu. Za 10x50 zimakulitsa ka 10 ndipo magalasi ake ndi a mamilimita 50, amene amasonkhanitsa kuwala maulendo pafupifupi 50 kuposa diso. Mukagawa 50 ndi 10 mumapeza 5, kukula kwa kuwala kotulukira ku diso, ndipo nambalayi isapose kukula kwa mwanadiso wanu. Za 7x50 zimatulutsa mamilimita 7, ndipo kwa wachikulire kuwala kwina kumangotayika. Zokulitsa kupitirira ka 10 zimanjenjemera m'manja. Tsamirani pakhoma kapena ikani zigongono pa chinthu cholimba, mudzaona miyezi ina mwa inayi ikuluikulu ya Jupiter ngati timadontho pamzere.

Pa telesikopu chofunika ndi kukula kwa galasi, osati nambala ya kukulitsa yolembedwa pa katoni. Malire ake ndi kuwirikiza kawiri mamilimita a galasilo: ya mamilimita 60 singapitirire ka 120 popanda kuoneka mbuu. Yamtundu wa Dobsonian ya mamilimita 150 kapena 200 ndi yosavuta kulozetsa ndipo imaima molimba. Mphete za Saturn zimayamba kuoneka pa ka 30. Itulutseni panja mphindi 30 mpaka 60 musanayambe, kuti galasi lizizire mofanana ndi mpweya, apo ayi chithunzi chimavinavina. Kagalasi kolozera, kamene kamakhala pambali pa telesikopu, mukakonzeretu kusanade, pa mtengo kapena phiri lakutali. Musalozetse chida chilichonse ku dzuwa, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira.

Mdani wamkulu ndi mame. Kukakhala kopanda mitambo, galasi limataya kutentha n'kuzizira kuposa mpweya, ndipo madzi amaunjikana pamenepo. Nyenyezi zikayamba kuzimirira pang'onopang'ono, yang'anani galasi musanadandaule za thambo. Chubu cha katoni kapena siponji chotalikitsa kutsogolo kwa chidacho chimachedwetsa mame. Osapukuta ndi nsalu, chifukwa fumbi limakanda galasi. Lisiyeni liume lokha musanalitsekere.

Pojambula, kamera kapena foni ikhale pa choimikira. Yambani ndi masekondi 10 mpaka 20 ndi ISO (muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala) 1600 kapena 3200, ndipo focus muikonze nokha pa nyenyezi yowala. Nthawi ikatalika, nyenyezi zimasanduka timizere chifukwa dziko likuzungulira.

Fikani pamalopo kusanade kuti muone maenje ndi njira, pemphani chilolezo kwa eni malo, ndipo valani zofunda kuposa mmene mukuganizira, chifukwa munthu wongokhala amazizidwa msanga. Laser yobiriwira yolozera nyenyezi isaloze kumene kukudutsa ndege.

Kuteteza mdima ndi mafunso amene sanayankhidwe

Mzinda wa Flagstaff ku Arizona unakhazikitsa lamulo lochepetsa kuwala kwa usiku mu 1958 pofuna kuteteza ntchito ya akatswiri a nyenyezi. Mu 1988 kunakhazikitsidwa bungwe la International Dark-Sky Association, limene lero likutchedwa DarkSky International. Bungweli linavomereza Natural Bridges ku Utah kukhala paki yoyamba ya mdima mu 2007, ndipo mu 2012 NamibRand ku Namibia ndi Aoraki Mackenzie ku New Zealand zinalandira ulemu wotere. Malamulo ake saletsa magetsi. Amafuna kuti getsi likhale ndi chipewa cholozetsa kuwala pansi, likhale lachikasu losapitirira 3000K (nambala yoyezera mtundu wa kuwala, imene ikamakula kuwala kumayera), liwale mongokwanira, ndipo lizime ngati silikufunika. Si anthu okha amene amapindula. Ana a akamba a m'nyanja amasokera chifukwa cha magetsi a m'mphepete mwa gombe, ndipo mu 2013 akatswiri anaonetsa kuti tizilombo togubuduza ndowe ta ku South Africa timalondola njira poyang'ana Mlalang'amba.

Funso loyamba ndi la liwiro. Masetilaiti anayeza kuti kuwala kwa usiku kukukula ndi 2 peresenti pa chaka, koma kafukufuku wa mu 2023, wochokera pa zimene anthu masauzande ambiri anaona ndi maso kudzera mu Globe at Night, ntchito imene anthu wamba amatumizako zimene aona kumwamba, anapeza pafupifupi 10 peresenti. Chifukwa chimodzi n'chakuti setilaiti yoyezera siona bwino kuwala kobiriwira kwa LED, komanso siona kuwala kopita cham'mbali. Kodi zimenezi zikufotokoza kusiyana konseko?

Lachiwiri ndi la masetilaiti enieniwo. Kuyambira mu May 2019, pamene kampani ya SpaceX inakweza 60 oyamba a Starlink, afika masauzande ambiri. Amafikitsa intaneti kumidzi kumene nthambo sizifika, koma amajambulanso mizere pa zithunzi za malo ofufuzira monga Vera C. Rubin Observatory ku Chile, ndipo kuthawira kutali sikuwachotsa. Makampani ayesa kuwadetsa, ndipo mu 2022 International Astronomical Union inatsegula likulu loona nkhaniyi. Kodi malire a kuwala kwawo aziika ndani, popeza thambo silili m'dziko la munthu mmodzi?

Lachitatu ndi lolemera kuposa onse. Malo ambiri amene ali ndi mdima wabwino ali choncho chifukwa anthu ake alibe magetsi, ndipo akuwafuna pa chipatala, pa sukulu ndi pamsewu. Ena amati magetsi olozetsedwa bwino angapereke zonse ziwiri. Ena amati malamulo otere amawonjezera mtengo kwa anthu amene sanayambitse vutoli. Ngakhale pa nkhani yoti magetsi ambiri amachepetsa umbanda, ofufuza sanagwirizane. Nanga alendo odzaona nyenyezi akachuluka, n'kubweretsa nyumba zogona, misewu ndi nyali za magalimoto, phindu lake limafika kwa ndani, ndipo eni mudzi ali ndi mawu otani posankha mmene usiku wawo ukhalire?